Kadontho pa Buleki ya Namzeze

M'nyumba mwa a Kadontho munalibe chitsulo cholira. Zitseko zinkatseguka ngati zikuopa kudzutsa khanda, ndipo ngakhale wilibala ya kuseri, imene kwa anansi ikanamaimba nyimbo ya maliro, pakhomo apa inkayenda mwakachetechete ngati mphaka.

Ntchito yawo inali yokonza makina osokera. Shopu yawo inali kachipinda ka kumaso kwa nyumba, koyang'ana msewu, kodzaza mitu ya makina, malamba, mabobini ndi timabauti tosungidwa m'zitini zakale za penti. Matelala a tauni yonse ankawadziwa. Munthu akabwera ndi makina odula ulusi, iwo sankathamangira kumasula. Ankapukusa gudumu, kutchera khutu, n'kutchula matenda ake ngati dokotala. Akatero ankapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kabotolo ka mafuta ka mlomo wautali.

"Chitsulo sichilira chabe," ankatero. "Chikalira ndiye kuti chili ndi ludzu. Kadontho kamodzi basi."

Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo linazika mizu mpaka la pa chiphaso linaiwalika.

Koma chimene a Kadontho ankayendera mothimbwidzika sichinali makina ayi. Anali mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa masamu ku sekondale, yemwe akavula zovala za kuntchito ankakwera njinga ya m'mapiri, ya matayala a manomano, n'kumatsetsereka nayo m'malo moti mbuzi imaganiza kawiri. Anzake a mipikisano ankamutchula Namzeze, chifukwa pokhota ankapendekeka ngati mbalame ija. Mendulo zake sizinkakhala kuchipinda kwake. Bambo ake anazilanda n'kuzipachika mu shopu, pamwamba penipeni pa benchi, kuti telala aliyense wobwera ndi makina atuluke atamva mbiri ya mendulo iliyonse, afune asafune.

Sabata imeneyo Loweruka kunali mpikisano waukulu. Atatu oyambirira ndiwo ankayenera kulowa m'timu yopita kunja, ndipo Namzeze anakonzekera chaka chathunthu. Mvula inagwa, iye osaleka, n'kumakaphunzira m'matope momwemo. Lachitatu madzulo anabwerera kunyumba buleki ikulira kuyambira kumtunda kwa msewu: kwiiii! Agalu anayankha. Wometa wa kutsidya kwa msewu, mnzawo wakalekale wa a Kadontho, anatuluka lezala lili m'manja, kasitomala ali ndi thovu tsaya limodzi.

"Achimwene!" anakuwa wometayo. "Mwayamba kupha nkhumba pakhomopo?"

A Kadontho anaseka nawo, koma mawuwo anawalasa. Chitsulo kulira pakhomo pawo, msewu wonse n'kumva!

M'mawa mwake Namzeze akutenga chikwama chake anaima pakhomo la shopu.

"Bambo, njinga ija musaikhudze. Ndikaweruka ndidzaikonza ndekha."

"Ndani akufuna kuikhudza? Ine ndili ndi zanga zondikwana."

"Mwamvatu," anatero mayi a m'nyumba ali kukhitchini. "Zala zanuzo ndikuzidziwa, zimayabwa."

Tsiku limenelo ntchito inakana kuyenda. Njinga inali itatsamira khoma m'kanjira kopita kuseri, ndipo nthawi iliyonse a Kadontho akadutsa ankaiyang'ana ngati mlendo wamwano. Mayi atangopita kumsika, anaitulutsira pakhonde. Anaikankha, n'kufinya buleki pa handulo. Kwiiii! Anagwada n'kuyang'anitsitsa. Buleki yake sinali ya mphira yogwira limu ngati njinga za kale lawo. Pakati pa wilo panali kachimbale kopyapyala kachitsulo, disiki, kamene kankadutsa m'kati mwa tinsagwada, ndipo m'tinsagwadamo munali timapadi tiwiri toluma disikiyo mbali zonse.

"Chitsulo kukhulana ndi chitsulo, pouma gwa," anadziuza. "Nanga chisalire bwanji?"

Wometa uja anawoloka msewu atanyamula makina ake ometera kuti amudonthezereko mafuta. Ataona kabotolo kali m'manja mwa mnzake, njinga ili chagada, anaima.

"Achimwene, bwanji osamuimbira kaye mwini wake? Foni si iyo ili m'thumbamo?"

"Ndifunse mwana? Amene ndinamuphunzitsa ndine kumanga zingwe za nsapato? Ine ndinayamba kutontholetsa zitsulo iyeyo asanabadwe."

"Zitsulo za masiku anozi zili ndi malamulo ake."

"Chitsulo ndi chitsulo. Inu dziwani za mitu ya anthu."

Wometa anangokweza mapewa n'kubwerera kwake. A Kadontho anadontheza pa disiki ya kutsogolo, n'kupukusa wilo. Anadontheza pa ya kumbuyo. Poona kuti mpikisano wake ndi waukulu, anawonjezera madontho ena, n'kupaka bwinobwino ndi kansanza kawo ka mafuta mpaka zimbale zija zinawala ngati kalilole. Anaimika njinga, kuikankha, n'kufinya. Zii. Anafinyanso. Zii.

Mtima wawo unadzaza. Anaona kale m'maganizo mwana akubwera madzulo, akufinya buleki, akudabwa, iwo ali pa benchi ngati sakudziwa kanthu. Koma chimwemwe chotere n'chovuta kuchisunga mpaka madzulo. Panali wometa woti aone. Anakwera njinga ija, epuloni ili m'khosi, chishalo chitatalika moti zala za kumapazi zinkangonyambita mapedulo.

Msewu wa kwawo unali wotsetsereka. Unkayamba mofatsa pa nyumba yawo, kudutsa pa shopu ya wometa, kenako n'kugwa mwamphamvu mpaka kukakumana ndi msewu waukulu wa malole. A Kadontho anadutsa pa wometa chifuwa chili patsogolo.

"Mukumva kanthu, achimwene?" anakuwa. "Yagona tulo nkhumba ija!"

Mphepo inayamba kuwomba m'makutu. Anati achepetseko liwiro, n'kufinya buleki. Njinga sinamve. Anafinya zonse ziwiri mpaka mitsempha ya m'manja inatuluka. Timapadi tinkaluma ndithu, koma tinkangoterera ngati munthu wogwira mlamba ndi manja a sopo. Nyumba zinayamba kuthamanga. Kumunsi, lole yonyamula mitengo inkadutsa pang'onopang'ono, ina ili pambuyo pake. Anayesa kukwekweza phazi pansi, koma phazi silinafike.

Kumanzere, msewu waukulu usanafike, anthu ankamanga nyumba, ndipo kunja kwa mpanda kunali mulu wa mchenga. A Kadontho anatseka diso limodzi n'kukhotetsa handulo.

Phuu!

Iwo anauluka n'kukatera mu mchenga, dzanja lamanja lili patsogolo. Njinga inapitirira yokha n'kukamenya mulu wa njerwa. Amisiri anataya zipangizo n'kuthamanga.

"Madala, muli moyo?"

"Njinga!" anatero a Kadontho akulavula mchenga. "Siyani ine, onani njinga!"

Njinga sinathyoke. Koma m'modzi wa amisiriwo atapukusa wilo ya kutsogolo, inkati ikazungulira n'kumati tse, tse, tse. Disiki inali itamenya njerwa n'kupindika.

Kuchipatala anati fupa silinathyoke, ndi kubinya chabe, n'kuwamanga bandeji ndi kuwakoleka mkono m'khosi. Wometa, yemwe anatseka shopu kuti awaperekeze, sananene mawu ngakhale amodzi oti ndinakuuzani, ndipo kukhala chete kwakeko kunawawa kuposa chipongwe. Koma chimene chinawaopsa a Kadontho ali pa benchi ya chipatala chinali china. Akanapanda kufuna kudzionetsera, njinga ikanabwerera pakhoma ili phee. Nanga mwana akanaikwera mothamanga, n'kudzazindikira ali kale pamtsetse? Anaona lole ija m'maganizo, koma pa chishalo pasali iwo.

Namzeze atafika anayang'ana kaye mkono wa bambo ake, kufunsa zimene adokotala anena, n'kupuma mozama. Kenako anapita panjinga. Anadutsitsa chala pa disiki, kuchiyang'ana, n'kuchinunkhiza.

"Mafuta a makina," anatero motsitsa.

"Kanali kadontho chabe, mwana wanga."

"Kadontho? Bambo, iyi ndi mvula ya dzinja lonse." Anawalozera disiki ija. "Makina anu onse amafuna kuterera. Buleki ntchito yake ndi kugwira. Mapadi awa amamwa mafuta ngati siponji, atha ntchito onse. Mukanafa, Bambo! Mukanangondifunsa. Funso limodzi."

Anaimbira ku shopu ya njinga. Disiki ya saizi yake inali itatha, ina ifika sabata ya mawa. Anaimbira anzake, koma aliyense anali ndi yakeyake ya pa njinga basi. Anaika foni pansi, kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kulowa kuchipinda kwake. Tsiku limenelo pakhomo panali zii wa mtundu wina, woti mafuta sangamuthe.

Lachisanu Namzeze anapempha kuweruka msanga. Anayala nyuzipepala pakhonde, kutembenuza njinga, n'kutsegula bokosi lake la zipangizo. A Kadontho anali mu shopu, akusuzumira pa zenera ngati mwana wothyola galasi.

"Mukubisala chiyani?" anafunsa mayi.

"Akandiona akwiyanso."

"Akwiye kumene, ndi ufulu wake. Koma manyazi anuwo sawongola chitsulo. Tulukani."

Anatuluka atanyamula kampando ndi dzanja lamanzere, n'kukhala chapatali pang'ono. Namzeze sanadzutse mutu. Anali atazula mapadi onyowa aja n'kuwataya. A Kadontho anakhosomola.

"Aphunzitsi, ndingafunse funso?"

Pakamwa pa Namzeze panagwedera pang'ono, koma anadziletsa kuseka. "Funsani."

"Inkaliriranji?"

Mwanayo anawayang'ana, n'kuona kuti akufunsadi. Anatulutsa m'bokosi mapadi ena, awiri atsopano ndi awiri akale amene anawasunga, n'kuwapatsa akalewo.

"Taonani pamwamba pakepo. Mukuona mmene pakunyezimira?"

"Ngati galasi."

"Eya. Matope ndi kutentha zimawawalitsa choncho, ndiye m'malo mogwira amangonjenjemera pa disiki. Kulira kuja n'kumeneko. Nthawi zina ndi dothi chabe, nthawi zina nsagwada zakhala mopendekeka. Mankhwala ake ndi kutsuka, kupala pang'ono, n'kulunjika. Basi."

"Kutsuka ndi chiyani?"

"Sipiriti ndi nsalu yoyera. Yoyeradi, Bambo, osati kansanza kanu kaja."

"Sipiriti ndili naye. Nanga tinsalu tatsopano timene matelala amandisiyira toyesera makina, tingathandize? Ndi sandipepa yanga yosalala ija?"

"Bweretsani."

Anadzuka ngati mnyamata. Kuyambira pamenepo khonde linasanduka kalasi. Namzeze anatsuka madisiki mobwerezabwereza, nsalu ikada n'kutenga ina, mpaka yomaliza inatuluka yoyera mbee. Anatsukanso m'kati mwa nsagwada. Anawauza kuti pamene mapadi amaluma pasakhudzidwe ngakhale ndi chala, chifukwa khungu la munthu nalonso lili ndi mafuta ake. A Kadontho anabisa dzanja lawo kumbuyo. Kenako Namzeze anayala sandipepa pa galasi lathyathyathya, n'kumakhula mapadi akale aja mozungulira mpaka kunyezimira kunachoka. Atsopano anaika kutsogolo, opalawo kumbuyo. Buleki ya kumbuyo anaimasula mabauti awiri a nsagwada, kuuza bambo ake kuti afinye buleki ndi dzanja lamanzere osasiya, iye n'kumanga mabautiwo mosinthanasinthana. Atapukusa wilo, inayenda mwaulemu.

Inatsala disiki ya kutsogolo, yopindika ija. Namzeze anapukuta sipanala yake yosintha kukamwa, kuipanitsa pa disiki, n'kukankha. Tse, tse. Anakankhira kwina. Tse, tse, tse. Akawongola apa, pena pankatuluka. Anayesa mpaka thukuta linadontha pamphuno, kenako anaponya sipanala pa nyuzipepala.

"Sizitheka. Sindikuona pamene yapindikira. Chaka chonse chathera pa njerwa."

A Kadontho anayang'ana wilo ija. Makutu awo anali atamva kale kanthu, koma lilime linali litaphunzira mwambo.

"Ndingafunsenso?"

"Funsani."

"Ukapukusa, ine ndikumva kulira kuwiri. Kwina kwakukulu, kwina kwakung'ono kotsatira pambuyo. Kodi sizingakhale kuti yapindika pawiri, kwina uku kwina uko?"

Namzeze anapukusa wilo n'kumvetsera. "Ine ndikumva kumodzi."

"Pukusa pang'onopang'ono. Apo! Ndi apo. Wamva?"

Maso a mwanayo anatseguka. Anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi pepala loyera, kuliika kuseri kwa nsagwada kuti mpata wa pakati pa disiki ndi mapadi uoneke bwino. A Kadontho anagwada, kutseka maso, khutu lili pafupi ndi wilo, monga ankachitira pofufuza singano yokhula mu makina.

"Choko cha telala chingaononge?" anafunsa. "Ndikufuna kulemba chizindikiro."

Apa Namzeze anaseka ndithu, koyamba chichitikire ngozi. "Lembani chamkati umu, mmene mapadi safika."

Anayamba ntchito, iwo khutu, iye manja. "Ima. Apa, kankhira kwa iwe. Pang'ono, ngati ukunong'oneza. Wapyola, bweza theka lake." Chitsulo chopyapyala sichifuna ukali, chimafuna kunyengerera, ndipo kunyengerera zitsulo ndiyo inali ntchito ya moyo wawo wonse. Kulira kwakukulu kunachepa, n'kutha. Kwakung'ono kunakakamira, kusamukira pena, n'kubwereranso. Mayi anabweretsa tiyi, n'kuzizira osamwedwa. Dzuwa litapendeka, Namzeze analunjika nsagwada, kumanga mabauti, n'kupukusa wilo mwamphamvu. Inazungulira, kuzungulira, kuzungulira, osanena kanthu.

"Yatheka!" anakuwa a Kadontho.

"Dikirani kaye. Kukhala chete si umboni, inu mukudziwa."

"Ndikudziwa," anatero akusisita bandeji.

Namzeze anawafotokozera kuti mapadi ndi disiki yotsukidwa zimayenera kuzolowerana. Anavala chisoti, kukwera, n'kuyamba pamalo ofatsa a msewu uja: kuthamanga pang'ono, kufinya mwamphamvu, kusiya njinga isanaimiretu, n'kuyambiranso. Ulendo uliwonse buleki inkaluma kuposa wapitawo. Pomaliza anatsika mtsetse wonse ndi liwiro loti bambo ake anagwira chipata, ndipo atafika pa mulu wa mchenga uja anaima nji, wilo ya kumbuyo n'kudzuka pang'ono. Amisiri anawomba m'manja.

"Uyu ndiye woyendetsa!" anakuwa m'modzi. "Madala aja anali woyesa mchenga!"

Loweruka phiri linadzaza anthu. A Kadontho, mayi ndi wometa anakaima kuseri kwa chingwe pa mtsetse womaliza, pamene kanjira kamatsika m'miyala n'kukhota mwadzidzidzi m'mphepete mwa chigwembe. Woyamba kutulukira anali mtsikana wamtali wa malaya ofiira, yekhayekha patsogolo. Patapita kanthawi kunatulukira gulu la atatu atathithikana, Namzeze ali kumapeto kwake. Malo achinayi. Malo opanda kanthu.

A Kadontho anagwiritsitsa chingwe chija. Awiri a patsogolo pa Namzeze anayamba kufinya mabuleki kutali, kuopa kona, ina ikulira mokweza. Namzeze sanafinye. Anatsika ngati mwala woponyedwa, kudutsa woyamba pa miyala, n'kufika pakamwa penipeni pa kona ali phewa ndi phewa ndi winayo. Mayi anabisa nkhope. Ndipo pamene aliyense ankati wapitirira, zala zake ziwiri zinagwira. Njinga inamvera nthawi yomweyo, fumbi linati kobo, iye n'kupendekeka, kulowa chamkati, n'kutuluka ali wachiwiri.

"Ndi wanga ameneyo!" A Kadontho anakuwa mpaka mawu anasasa, akugwedeza mkono wa bandeji osamva kuwawa. "Mwamuona? Ndi mwana wanga ameneyo!"

Namzeze anamaliza wachiwiri, ndipo dzina lake linaitanidwa m'timu. Bambo ake anafika pomalizira akupuma wefuwefu, n'kupeza makaniko wa timuyo, munthu wa imvi wodziwa njinga, akuyendera njinga za osankhidwawo. Atafika pa ya Namzeze anapukusa wilo ya kutsogolo, kuona zizindikiro za mano a sipanala, n'kuwerama.

"Disiki iyi inapindikapo. Anawongola ndani?"

"Ine ndi bambo anga," anatero Namzeze, n'kuwakoka pa mkono wabwinowo kuti aime pambali pake.

Makanikoyo anawapatsa moni wa manja awiri. "Ntchito yaukhondo, bambo. Ambiri akanangoitaya. Mwakhala mukukonza njinga nthawi yaitali?"

A Kadontho anawongola msana. Likanakhala dzana lija akanayankha ndi mbiri ya zaka zawo zonse. Anayang'ana mwana wawo, fumbi lili mpaka m'nsidze, mendulo ikulendewera pachifuwa.

"Ndayamba dzulo," anatero. "Aphunzitsi anga ndi awa. Manja anali awo, ine ndinangobwereketsa khutu. Koma ndikuuzeni, ndine mwana wa sukulu wofunsa kwambiri."

Anatero mokweza, kuti onse oima pafupi amve, ndipo sanaonekepo wamtali chotero chibadwire.

Luso anali nalo, khutu anali nalo, ndipo wodziwa yankho ankadya naye pa tebulo limodzi. Chinasowa chinali funso lokha. Atalimeza, anakatera mu mchenga. Atalilavula, anakaima pambali pa mendulo. Uchi umakhala pafupi ndithu, koma akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.